Mphaka Akamupeza ndi Kaphokoso mu Mtima: Zochita Pakhomo Kuno ku Mangochi

Kawirikawiri nkhani iyi imatulukira pa zina. Mwapita ndi mphaka kukabayitsa katemera wa chiwewe, kapena mwaitana a vetenale kuti adzamufule, ndiye iwo aika kachipangizo komvera mtima pachifuwa pake, akhala duu kanthawi, kenako n'kunena kuti mtima wake uli ndi kaphokoso kamene madotolo amati murmur. Eni amphaka amagawika pawiri akamva zimenezi. Ena amati mphaka ndi mphaka, bola akugwira makoswe. Ena amabwerera kunyumba ataweruziratu kuti chiweto chawo chapita. Onsewo aphonya.

Mtima wabwinobwino umamveka kawiri pa kugunda kulikonse, du-dum, du-dum, pamene mavavu ake akutsekeka. Kaphokosoka ndi "shuu" wolowerera pakati pa kugundako, ndipo amabwera magazi akamayenda mwachipwirikiti, monga amachitira madzi mukafinya paipi yothirira kudimba. Pakokha si matenda. Kakungonena kuti penapake magazi akuthamanga kwambiri, kapena apyapyala, kapena akudutsa pothina. Kafukufuku wina wa ku England amene anatuluka mu 2015 anayeza amphaka 780 ooneka athanzi. Pafupifupi amphaka 4 pa 10 alionse anali ndi kaphokosoka, koma amene anali ndi matenda otchedwa HCM, amene amakhuthalitsa mnofu wa mtima, anali pafupifupi 15 pa 100 alionse. Ndiye kuti amphaka ambiri a kaphokoso mtima wawo ulibe vuto lalikulu, pomwe ena odwaladi mtima samveka kalikonse pa kachipangizo kaja.

Zotsatirazi ndi za munthu wa ku Namiasi, Malindi, Makanjira kapena Monkey Bay, amene makina ounikira mtima ali nawo kutali.

1. Musanasiyane ndi dotolo, funsani izi

Kaphokoso kali ndi milingo kuyambira 1 mpaka 6. Pa 1 kamamveka movutikira m'chipinda cha zii. Pa 5 ndi 6 mukaika dzanja pachifuwa mumamva kunjenjemera. Funsani kuti ka mphaka wanu kali pa mlingo uti, mulembe m'kope pamodzi ndi tsiku. Mlingowo musaudalire kwambiri, chifukwa kwa amphaka kukula kwa phokoso sikuyendera limodzi ndi kukula kwa matenda. Ntchito yake ndi yoti mudzayerekezere ulendo wina.

Funso lofunika koposa ndi ili: "Adokotala, kupatula kaphokosoko, mtima ukugunda mwadongosolo? Palibe kugunda kwachitatu?" Mtima wodumphadumpha, kapena womveka katatu m'malo mwa kawiri, umaloza ku matenda enieni kuposa kaphokoso.

Pemphaninso kuti amumvere kachiwiri atakhazikika. Mphaka amene wabwera pa kabaza dzuwa lili pamutu, agalu akuuwa pambali, mtima wake umathamanga kupitirira ka 200 pa mphindi, ndipo mantha okhawo amatha kubweretsa kaphokoso kamene kamazimirira iye akapuma. Kwa ana a mphaka, kaphokoso kofewa nthawi zambiri kamatha kokha asanakwane miyezi 6. Kakapitirira pamenepo, kapena kakakhala kokweza pomwe kamwanako kakutsalira kukula poyerekeza ndi anzake obadwa nawo, mwina kanabadwa ndi chilema cha mtima, monga kabowo pakhoma lolekanitsa zipinda za mtima.

2. Yang'anani usinini, kenako utitiri

Musanaganize za matenda a mtima, chotsani zinthu zochizika zimene zimabweretsa kaphokoso. Chachikulu ndi kuchepa kwa magazi. Magazi ochepa amakhala opyapyala, mtima umawapopa mothamanga, phokoso n'kubadwa.

Pamalo owala, tukulani mlomo wa m'mwamba wa mphaka ndi chala. Usinini wathanzi umakhala wofiirira bwino komanso wonyowa. Ukakhala woyererako, wachikasu kapena wotuwa, pitani naye kwa dotolo tsiku lomwelo kapena m'mawa wake.

Utitiri suoneka msanga pa mphaka chifukwa amaumeza podzinyambita. Mumuimike papepala loyera lonyowa, mumupese ndi chipeso cha mano othinana kumsana, pafupi ndi mchira. Tizinyalala takuda tikagwa papepalapo n'kusungunuka kukhala tofiira, amenewo ndi magazi a mphaka wanu amene utitiri wadya. Kutentha kwa kunyanja kuno utitiri umakukonda, ndipo kamwana ka mphaka kodzaza nawo kangafe ndi kutha magazi. Njoka zina za m'mimba nazonso zimayamwa magazi, choncho mankhwala a njoka apatsidwe pa nthawi imene dotolo wanena.

Pamankhwala a utitiri m'pamene anthu amapherapo amphaka awo ndi manja awo. Dibi wa ng'ombe, mankhwala a nkhupakupa a agalu, ndi chilichonse cholembedwa kuti muli permethrin, musamupake mphaka ngakhale dontho. Amanjenjemera, kugwa khunyu, n'kufa. Gulani olembedwa kuti ndi a amphaka, ndipo chapani nsanza zimene amagonera, musese m'makona, chifukwa mazira a utitiri amakhala pansi osati pathupi.

Anyezi ndi adyo, zaziwisi kapena zophika, zimaswa maselo ofiira a magazi a mphaka. Mankhwala ena a makoswe amachititsa kuti magazi azitayikira m'kati. Mphaka wa m'golosale kapena wa m'nyumba yosungira chimanga, kumene kumathiridwa mankhwala otere, ali pangozi imeneyi.

Ngati mphaka ndi wachikulire, wa zaka 8 kapena kupitirira, ndipo akudya ngati sanadyepo koma akuwonda, akumwa madzi kwambiri, akulira usiku, uzani dotolo. Chithokomiro chogwira ntchito mopyola muyeso chimathamangitsa mtima ndi kuukhuthalitsa. BP yokwera, imene imayenda ndi matenda a impso, imachitanso chimodzimodzi. Zonse ziwiri zili ndi mankhwala.

3. Phunzirani kuwerenga mpweya wake akagona

Ngati pali chinthu chimodzi choti mutole munkhani yonseyi, n'chimenechi. Sichilira ndalama, ndipo chimaulula vuto masiku angapo mphaka asanagwe.

Chifukwa chake n'chakuti mtima ukayamba kulephera, magazi amabwerera m'mbuyo, madzi n'kuyamba kudzaza m'mapapo kapena m'chifuwa mozungulira mapapo. Galu wa vuto lotere amatsokomola, mwini wake n'kudzidzimuka. Mphaka satsokomola kawirikawiri ndi matenda a mtima. Amangochepetsa kuyenda, kugona kwambiri, kubisala kuseri kwa matumba, inu n'kumati ndi ulesi wa nyengo yotentha. Chimene sangabise ndi liwiro la kupuma kwake.

Dikirani agone tulo tenitenti pamthunzi, osati padzuwa, osatinso atangochoka kothamanga kapena kudya. Musamukhudze, chifukwa akayamba kaphokoso kaja ka prrr kamene amachita mukamamusisita, chiwerengero chimasokonekera. Akamalota, miyendo ndi ndevu zikugwedezeka, dikiraninso. Khalani pambali muyang'ane nthiti. Chifuwa chikakwera n'kutsika, ameneyo ndi mpweya umodzi, osati iwiri. Tsegulani wotchi ya pafoni, werengani kwa masekondi 30, muchulukitse kawiri. Mukapeza 11, ndiye kuti akupuma ka 22 pa mphindi.

Mphaka wogona amene mapapo ake ali bwino amapuma kosapitirira ka 30 pa mphindi, ndipo ambiri amakhala pansi ndithu pa nambala imeneyi. Sabata yoyamba werengani tsiku lililonse kuti mudziwe nambala ya mphaka wanuyo, chifukwa aliyense ali ndi yake. Pambuyo pake kawiri kapena katatu pa sabata n'kokwanira, pokhapokha ngati ali pa mankhwala a mtima, pamene muyenera kuwerenga tsiku ndi tsiku. Nthawi yabwino kuno ndi m'bandakucha kapena usiku kukazizira. Masana a mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapyola madigiri 35 masiku ena, nambala imakwera ngakhale kwa mphaka wabwinobwino.

Lembani m'kope lomwe lija. Ntchitoyi mukhoza kupatsa mwana wa sukulu, ndipo ana amaichita mosamala kuposa akuluakulufe. Mukapeza nambala yoposa 30, werenganinso pakatha ola. Ikakhalabe pamwamba, imbirani dotolo tsiku lomwelo. Samalaninso nambala yokwera pang'onopang'ono: mphaka amene amakhala pa 20, kenako 24, kenako 28 m'masiku otsatizana, akunena kanthu ngakhale sanafike pa 30. Ikapyola 40 ali mtulo, kapena mimba ikamakankha pothandiza kupuma, musadikire kuti kuche.

Jambulani kavidiyo ka masekondi 30, nthiti zikuoneka bwino, mutumize pa WhatsApp kwa dotolo. Kwa munthu wa ku Makanjira kapena ku Chembe, kavidiyo kameneka kangamupulumutse ku ulendo wopanda pake, kapena kumuuza kuti anyamuke pompo.

4. Konzani mbale yake

Mphaka ndi nyama yodya nyama. Thupi lake silipanga mokwanira chinthu china chofunika chotchedwa taurine, chimene chimapezeka mu nyama ndi nsomba koma mulibe mu nsima, mpunga, nyemba kapena masoya pisi. Chikasowa kwa miyezi yambiri, mnofu wa mtima umafooka n'kutambasuka, maso nawonso amawonongeka. Za mtimazi anazitulukira mu 1987 Paul Pion ndi anzake ku University of California, Davis, ndipo anaonetsa kuti mtima wotere umatha kubwerera m'chimake mphaka akapatsidwa taurine. Kuyambira pamenepo opanga zakudya za amphaka anawonjezera taurine m'zakudyazo, vutoli n'kuchepa kwambiri m'mayiko amene amphaka amadya za m'sitolo. Kwathu kuno, kumene mphaka amadya mkute wa nsima wonyika mu msuzi, nkhaniyi sinathe. Amene amasaka amapulumukirapo, chifukwa mbewa ndi makoswe zili ndi taurine wambiri. Wovutika ndi mphaka wotsekeredwa m'nyumba koma akudya zotsala za anthu.

Ku Mangochi tili ndi mwayi wa nsomba. Usipa, utaka, mlamba, mitu ya chambo, zonsezi n'zabwino, koma ziphikeni. Nsomba zina zaziwisi zili ndi chinthu chimene chimawononga vitamini B1, ndipo mphaka wodya zaziwisi zokhazokha amayamba kudzandira ndi kupinda khosi. Phikani m'madzi ochepa opanda mchere, anyezi kapena adyo, ndipo msuziwo musataye, chifukwa taurine amasungunukira m'madzimo. Minga ikuluikulu ichotseni. Njira yosavuta ndi kumupatulira zake mumphika musanathire zokometsera. Nsomba zokhazokha si bwino. Sinthanitsani ndi nyama, mitima ya nkhuku kapena ya mbuzi, dzira lophika, ndi kachiwindi pang'ono mwa apo ndi apo. Chakudya cha agalu cha m'sitolo si cha mphaka.

Za mchere: mphaka wa kaphokoso chabe safunika chakudya chapadera. Koma amene anayamba kale kudzaza madzi m'chifuwa asadye nsomba zothira mchere poumitsa, soseji, polone kapena msuzi wa m'mbale mwanu, chifukwa mchere umasunga madzi m'thupi. Komabe chachikulu n'chakuti adye. Mphaka wokana chakudya masiku awiri ali pangozi ina ya chiwindi, ndiye musalimbane naye pa chakudya chatsopano mpaka kumugoneka ndi njala.

Muyezeni kulemera kamodzi pamwezi. Sikelo yopachika ya pamsika ikukwana: muikeni m'dengu, kenako muchotsere kulemera kwa dengulo.

5. Moyo wa tsiku ndi tsiku

Apa palibe zambiri zosintha. Musiyeni azisewera, azikwera mumtengo wa mango, azisaka. Mphaka amadziwa yekha polekezera. Chosafunika ndi ana kumuthamangitsa kapena kumuseweretsa mpaka kuchita wefuwefu. Galu kutulutsa lilime kukatentha n'chibadwa, koma mphaka wopuma ndi kukamwa si wabwinobwino.

M'nyengo yotentha akhale ndi pothawira: pasimenti yozizira, pansi pa bedi, pafupi ndi mtsuko. Musamutsekere masana m'chipinda cha malata chopanda mawindo. Madzi akhale m'malo awiri kapena atatu. Utsi wa kukhitchini, wa koyilo ya udzudzu ndi wa pamalo owambira nsomba umalemetsa mapapo amene akuvutika kale, ndipo mukapopera mankhwala a udzudzu m'nyumba, iye akhale panja mpaka fungo litatha.

Wamkazi amene akumuganizira matenda enieni a mtima asamabereke. Bere limalemetsa mtima, ndipo matenda ena a mtima amayenda m'magazi kupita kwa ana. Koma pokamutseketsa kapena kumufula, nenani musanafunsidwe kuti anamupeza ndi kaphokoso. Mankhwala ogonetsa, diripi yothamanga ndi jakisoni wa steroid wokhalitsa m'thupi, amene ena amabaya pa vuto la kuyabwa, zingagwetse mtima umene unali kudzilimbitsa mwakachetechete. Dotolo akadziwa amasankha mankhwala ena ndi kuchepetsa madzi.

6. Ulendo wokaunikitsa mtima

Khutu lokha silingasiyanitse kaphokoso kosavulaza ndi ka matenda. Chimene chimasiyanitsa ndi sikani ya mtima, yofanana ndi imene amaunikira amayi oyembekezera. Imaonetsa kukhuthala kwa makoma a mtima ndi kukula kwa chipinda cha m'mwamba cha kumanzere, ndipo chipinda chimenechi chikakula kwambiri m'pamene ngozi ya madzi m'mapapo ndi ya magazi oundana imakwera.

Alangizi a ziweto a boma kuno angakuthandizeni pa katemera, njoka ndi utitiri, koma zoyeza zozama zimafuna chipatala cha ziweto cha mumzinda. Ku Blantyre kuli BSPCA, ku Lilongwe kuli LSPCA, kuphatikizapo zipatala zina zoyima pazokha. Imbani kaye mufunse ngati amaunika mtima wa mphaka, tsiku liti, pa mtengo wanji, musanawononge ndalama ya thiransipoti.

Kodi aliyense apite? Ine ndimaona kuti mphaka wamng'ono, wonenepa bwino, wa kaphokoso kofewa, amene nambala yake ya mpweya ili pansi, angathe kudikira n'kumamveredwanso pa miyezi 6 kapena chaka. Amene ndingalimbikitse kuti apite ndi wa kaphokoso kokweza, wa mtima wodumphadumpha, amene anakomokapo, wachikulire amene kaphokoso kangoyamba kumene, ndi amene akuyembekezera opaleshoni. Amuna amadwala HCM kuposa akazi, ndipo mitundu ya kunja monga Maine Coon ndi Ragdoll ili ndi mbiri ya matendawa m'magazi mwawo.

Nyamukani m'mamawa kusanatenthe, popeza msewu wodzera ku Liwonde ndi Zomba ndi wa maola angapo. Musamuike m'thumba la feteleza kapena la chimanga n'kumanga kukamwa, monga timachitira ndi nkhuku. Gwiritsani ntchito dengu lolimba lokhala ndi chivundikiro, kapena katoni yoboola mbali zonse, pansi mutayala nsalu imene amagonera. Mu minibasi mumunyamule pamiyendo, osati kubuti. Kope lija lipite nawo.

7. Akapatsidwa mankhwala

Palibe mankhwala ochotsa kaphokoso, ndipo mphaka amene alibe zizindikiro nthawi zambiri sapatsidwa kalikonse. Ambiri a HCM yochepa amakhala zaka osadwala. Madzi akayamba kudzaza, dotolo amapereka furosemide, amene ambiri timamudziwa kuti Lasix, wochotsa madzi kudzera mumkodzo. Mphaka azikodza ndi kumwa kwambiri. Musamubisire madzi poganiza kuti mukuthandiza. Akasiya kudya, akamasanza kapena kufooka, imbani foni, chifukwa mankhwalawa amakhudza impso. Amene chipinda cha mtima chakula amapatsidwa clopidogrel woletsa magazi kuundana. Ndi wowawa zedi ndipo mphaka amachita thovu kukamwa akamulawa, ndiye mubiseni m'kachidutswa ka nsomba yophika kamene angameze kamodzi.

Mayina awa ndawatchula kuti muwazindikire, osati kuti mukagule nokha. Mlingo wa mphaka wa makilogalamu 3 kapena 4 ndi kachidutswa kakang'ono ka piritsi la munthu, ndipo agogo akakhala ndi mapiritsi a BP kapena a mtima m'nyumba, amenewo ndi awo. Panado ndiye musayerekeze n'komwe: piritsi limodzi limapha mphaka. Brufen nayenso ndi poizoni, ndipo aspirin amaperekedwa ndi dotolo yekha. Popeza kokagula n'kutali, itanitsani ena mukatsala ndi a sabata imodzi, chifukwa kudukiza furosemide kumabweza madzi m'masiku ochepa.

8. Zinthu ziwiri zosadikira

Choyamba ndi kubanika. Mphaka wakhala chonjuta, zigongono atazitambasula, khosi atalisolola, akupuma ndi kukamwa, lilime kapena usinini zikuoneka zotuwa kapena zabuluu. Musamugwire mwamphamvu, musamugoneke chagada, musamumwetse madzi, mkaka kapena mankhwala mokakamiza, musamuthire madzi ozizira. Mphaka wobanika angafere m'manja mwanu chifukwa cholimbana nanu. Muikeni mofatsa m'dengu lopita mphepo, imbani foni muli m'njira. Madzi akakhala mozungulira mapapo, dotolo amawakoka ndi singano ndipo mphaka amapepukidwa nthawi yomweyo.

Chachiwiri chimasokoneza anthu ambiri. Mphaka amene anali bwinobwino madzulo mwadzidzidzi akulira mokuwa, akukwawa ndi miyendo yakutsogolo, yakumbuyo ikukokeka pansi. Pakhomo pamayamba milandu: wina amumenya ndi mtengo, njinga yamoto yamugunda, aneba amuthira mankhwala, ena mpaka kutchula za ufiti. Musanaloze munthu chala, gwirani mapazi. Yerekezani akumbuyo ndi akutsogolo. Ngati akumbuyo ali ozizira, zikhatho zake zayera kapena zachita bii, minofu ya m'miyendo yauma gwa, ndipo palibe bala, ndiye kuti mwina ndi magazi oundana amene achoka mumtima n'kukatseka mtsempha waukulu pamene umagawikira kupita kumiyendo. Nthawi zina vutoli limagwira mwendo umodzi wokha, ngakhale wakutsogolo. Kwa amphaka ena ichi chimakhala chizindikiro choyamba cha matenda a mtima.

Ululu wake ndi woopsa, moti mphaka wofatsa amaluma. Mukulungeni m'nsalu yochindikala ponyamula. Musasisite miyendoyo, musaiwothetse pamoto kapena kuikapo botolo la madzi otentha, chifukwa sakumva ndipo angapse. Pofika kwa dotolo, choyamba kupempha ndi mankhwala opha ululu. Ena, makamaka amene wagwidwa mwendo umodzi ndipo thupi silinazizire, amayambanso kuyenda pakatha masiku kapena masabata angapo, ngakhale vutoli limakonda kubwereranso. Amene yagwidwa miyendo yonse iwiri, thupi lazizira, kupuma kukuvutanso, mwayi wake ndi wochepa, ndipo dotolo akatchula za jakisoni womugoneka kuti asazunzike, mumvetsereni bwino musanakane. Nambala ya dotolo ndi ya munthu wa galimoto kapena wa njinga yamoto amene angadzuke usiku zilembeni pachikuto cha kope lija lero.